Mwana akamadya dothi, yang'anani kumene agalu akuchita chimbudzi

M'chaka cha 2024, madokotala a ku Los Angeles m'dziko la America adapeza ana awiri akudwala matenda a mu ubongo obwera ndi nyongolotsi ya kanyama kam'tchire kotchedwa raccoon. Kanyamaka kamataya mazira ochuluka a nyongolotsiyi m'ndowe zake, ndipo mwana akameza dothi losakanikirana ndi mazirawo, timphutsi timaswa m'matumbo n'kuyenda mpaka kukafika mu ubongo ndi m'maso. Ena mwa ana ogwidwa ndi nthendayi amamwalira, ena amatsala olumala moyo wawo wonse.

Kanyamaka kuno ku Africa kulibe, komabe makolo a mu mzinda wa Bulawayo asaone ngati nkhaniyi ndi ya kutali. M'makomboni monga Sizinda, Njube ndi Makokoba, momwe muli mabanja ambiri ochokera ku Malawi ndi ku Zambia, muli chiweto chimene chimasunga nyongolotsi ya mtundu wofanana ndi imeneyi, yotchedwa Toxocara canis. Chiwetochi ndi galu.

Nyongolotsi yaikazi imodzi imatha kuikira mazira okwana 200,000 pa tsiku. Ana a galu ndiwo amataya mazira ambiri chifukwa amatenga nyongolotsiyi adakali m'mimba mwa mayi wawo. Mazirawa saoneka ndi maso, chikamba chake ndi cholimba, ndipo amatha kukhala amoyo m'dothi kwa miyezi kapena zaka, ndowe zitauma kale n'kusanduka fumbi.

M'thupi la munthu timphutsiti sitikula kukhala nyongolotsi, timangoyendayenda. Ana ambiri saonetsa zizindikiro, koma ena amatentha thupi, kutsokomola, kubanika ndi kutupa chiwindi. Kamphutsi kakalowa m'diso, disolo likhoza kusiya kuona. Mwa apo ndi apo kamafika mu ubongo, mwana n'kuyamba kukomoka ngati wakhunyu. Popeza nyongolotsiyi siikira mazira mwa munthu, kuyeza chimbudzi cha mwana sikuionetsa. Pamafunika kuyeza magazi. N'chifukwa chake kholo liyenera kuuza dokotala mosabisa kuti mwanayo amadya dothi komanso kuti pakhomo pali agalu.

Anthu ambiri amati kudya dothi ndi chibwana chabe, mwana adzaleka yekha. Zoona zake n'zakuti khanda lokwawa limaika m'kamwa chilichonse, koma mwana wopitirira zaka ziwiri amene amachita kufunafuna dothi kawirikawiri amakhala ndi vuto la kuchepa kwa magazi. Kumukwapula sikuthandiza. Mwana wotere apite naye kuchipatala akamuyeze.

Ku Bulawayo vutoli limakula chifukwa cha kusowa kwa madzi. M'chaka cha 2020 khonsolo ya mzindawu idafika potseka madzi kwa maola 144 pa sabata, kutanthauza masiku asanu ndi limodzi. Madzi akachepa chonchi, kusamba m'manja ndiko kumayamba kusiyidwa. Nayo ntchito yomwetsa ana a sukulu mankhwala a likodzo ndi njoka za m'mimba, imene boma la Zimbabwe lidayamba mu 2012, siyeretsa dothi la pabwalo pomwe makanda amakwawa.

Mwayi ulipo umodzi, ndipo alangizi a zaumoyo ayenera kuufotokoza khomo ndi khomo. Mazira a nyongolotsiyi sangadwalitse munthu pa tsiku lomwe atuluka. Amafuna sabata ziwiri mpaka zinayi ali m'dothi kuti akhwime. Choncho banja limene limawola ndowe za galu tsiku ndi tsiku ndi fosholo, n'kuzikwirira mozama kapena kuzitaya m'chimbudzi chokumba, limadula matendawa asanayambe. Ntchitoyi silira ndalama ndiponso silira madzi.

Ana a galu apatsidwe mankhwala a njoka kuyambira ali ndi sabata ziwiri, n'kumabwereza monga momwe alangizi a ziweto anenera, ndipo mayi wawo asatsale. Alimi a m'madimba atchinge minda yawo kuti agalu asalowe, asathire ndowe za galu kapena mphaka pa manyowa, ndipo ndiwo zamasamba zitsukidwe bwino. Khanda likhazikidwe pamphasa, zikhadabo zake ziwengedwe, ndipo kapu imodzi ya madzi isungidwe yomusambitsa m'manja ndi sopo asanadye.

Galu woyendayenda sadziwa malire a mpanda, ndipo ana a mumsewu umodzi amasewera pa dothi limodzi. Akuluakulu adati mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Pa misonkhano ya okhala m'dera, m'mipingo ndi m'magulu a maliro, nkhani ya kumanga agalu ndi kuwola ndowe zawo ikambidwe pamodzi ndi nkhani za madzi ndi zinyalala, ndipo msewu uliwonse ugwirizane za malo oti ana aziseweramo pomwe galu sangafike.