Wakutsina khutu ndi mnansi, nanga zisudzo zathu zatsina ndani?

Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Mwambi umenewu umandibwerera ndikamatuluka m'holo momwe munali zisudzo, anthu akupukuta misozi ya phwete, aliyense makutu ake ali bwinobwino, osatsinidwa ndi pang'ono pomwe.

Zisudzo mu Lilongwe muno sitisowa. Pitani ku Kamuzu Institute, pabwalo la sukulu ku Kawale kapena ku Biwi, ngakhale pa Nsungwi ku Area 25 tsiku lomwe kwabwera lole ya zimkuzamawu. Amene timakawasekawo ndi omwe aja: chidakwa, mayi wamiseche, sing'anga wabodza, wandale wakuba. Onsewo ndi anthu ena, ife ayi. Paja anyani amasekana zikundu.

Pali mkulu wina wa ku Ireland amene anadziwa kutsina, George Bernard Shaw. Anabadwira ku Dublin mu 1856. Sukulu anailekeza ali ndi zaka 15 n'kukalowa ntchito mu ofesi yoyang'anira malo ndi nyumba, ndipo ina mwa ntchito zake inali kutolera lendi kwa amphawi. Zimene anaona kumeneko sizinamuchoke. Sewero lake loyamba, Widowers' Houses, linaonetsedwa ku London mu 1892, ndipo nkhani yake ndi ya alandilodi.

Muli dokotala wachinyamata, Trench, amene wagwa m'chikondi ndi Blanche, mwana wa Sartorius. Ukwati uli pafupi, Trench akumana ndi Lickcheese, wotolera lendi amene wangochotsedwa ntchito. Mlandu wake? Anatenga mashilingi 24 n'kukonzetsa masitepe pomwe amayi atatu anali atavulala. Apa m'pamene Trench adziwa kuti chuma cha apongozi ake chimachokera m'zisakasa zomwe osauka amathithikana. Mnyamata apsa mtima, nati ndalama zoterozo sazikhudza. Sartorius sakwiya. Angomufunsa komwe kumachokera mapaundi 700 omwe Trench amalandira chaka chilichonse osagwira ntchito. Zidziwika kuti ndi chiwongoladzanja cha ngongole yomwe chikole chake ndi zisakasa zomwezo. Trench angoti kakasi. Pomaliza salapa, ndipo palibe amene alangidwa. Alowa nawo m'katangale wa nyumbazo, ukwati n'kupitirira.

Pakati pa amene anagula matikiti tsiku limenelo panalinso a Trench, anthu aulemu wawo odya za lendi ndi za masheya osafunsa komwe zachokera. Khutu lomwe Shaw ankafuna linali lawo. (Sindikumusandutsa mngelo. Ndi yemweyu anapita ku Moscow mu 1931 n'kubwerako akuyamikira Stalin. Koma pa za lendi anaona bwino.)

Tsopano bwerani ku Mgona, kuseri kwa mafakitale a ku Kanengo, m'mamawa dzuwa lisanatuluke. Mdadada wa zipinda za zidina, zitseko zoyang'anizana, pakati kanjira kamene madzi otsukira mbale amadikha. Kumapeto chimbudzi chimodzi, chitseko chake thumba la feteleza, anthu ali pamzere ndi zitini m'manja. Mwini mdadadawo sakhala pamenepo. Pa 30 amatumiza mnyamata wa kabaza, kapena ndalama imangolowa pafoni. Ndipo kawirikawiri mwiniyo sakhala mpondamatiki. Amakhala mphunzitsi, namwino, kalaliki wa ku Capital Hill, mkulu wa mpingo.

Ndi ine ndemwe. Ndimakhala ya lendi ku Area 25, ndipo alandilodi anga ndimawadandaula kwa aliyense wofuna kumva, za denga lodontha ndi lendi yokwera chaka ndi chaka. Koma ku Chinsapo ndili ndi zipinda 6 zomwe ndinamanga ndi ngongole, ndipo fizi ya ana anga imachokera kumeneko. Kolera itavuta mu 2022 ndi 2023, mpaka sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre kuchedwa kutsegulidwa mu Januwale, mayi wina wa pamenepo anandiimbira kuti chimbudzi chadzadza. Ndinamuuza kuti tiona mwezi ukatha. Mwezi unatha, ndipo ndalamayo inapita ku fizi. Matendawa anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Pa mdadada wanga palibe anamwalira, koma umenewo unali mwayi chabe.

M'miyezi yomweyo ndinaonerera masewero angapo a kolera. Onse ankati tisambe m'manja, tithire klorini m'madzi, tigwiritse ntchito chimbudzi. Uthenga wabwino ndithu. Koma palibe ngakhale limodzi linafunsa kuti chimbudzicho n'cha yani, ndipo amayenera kukumba china ndani. Ine ndinali pamenepo, ndinaseka, ndinaomba m'manja. Mabungwe omwe amalipira masewero oterewa amafuna uthenga wofikira wosauka kuti asinthe khalidwe, ndipo anyamata a zisudzo nawo ali ndi lendi yoti alipire. Sindikuwada. Koma sewero limene limangolangiza wokhala m'chisakasa, mwini chisakasa n'kumutaya, lagwira khutu lolakwika.

Kutsina si kwachilendo kwa ife. Lamulo la 1968 linkati sewero lililonse lidzere kaye ku bungwe lounika mabuku ndi zisangalalo, komabe Du Chisiza Jr., amene anayambitsa gulu la zisudzo la Wakhumbata mu 1987, anaonetsa Papa's Empire a Kamuzu Banda akadali pampando, ndipo oonerera sanafunike wowauza kuti Papa ndani. Gertrude Kamkwatira anatenga ndodoyo Du atamwalira mu 1999. Izeki ndi Jakobo ankatiseketsa, koma mumafika kunyumba nthabwala ina ikukubaibanibe. Pa nthawi imene kulankhula kunali kupalamula, anthu ankalankhula. Lero pakamwa m'potsegula, ndiye tasankha nkhani zosapweteka aliyense wogula tikiti.

China chimene Shaw anatiposa n'chakuti ankasindikiza masewero ake, n'kuikamo mawu otsogolera ataliatali ofotokoza maganizo ake pa umphawi, ukwati ndi ndale. Anamwalira mu 1950, koma mpaka lero m'mayunivesite akulembabe za iye. Kwathu kuno David Kerr, Chris Kamlongera ndi Mufunanji Magalasi analemba za zisudzo zathu, ndipo tiwathokoze. Koma masewero ambiri a m'makomboni amathera pomwe aonetsedwerapo. Mnyamata wa ku Area 23 wofuna kuwerenga zomwe Du analemba avutika kuposa wofuna za Shaw, zomwe zili mbwee pa intaneti.

Inu anyamata ndi atsikana amene mumakonzekera masewero m'makalasi a pulayimale madzulo, nkhani ya lendi ili pakhomo panu, ndipo mukuidziwa kuposa Shaw. Ilembeni m'Chichewa, papepala, kuti isatayike. Landilodi wake asakhale chimphona cha mimba yaikulu ndi ndodo, chifukwa ameneyo tidzangomuseka. Akhale mphunzitsi waulemu, woimba kwaya, wokonda ana ake, amene foni ikalira kuchokera ku Chinsapo amaitembenuza. Mukakonzeka mundiitane, ndidzakhala pa benchi yakutsogolo.