Timu ya neba ikaluza, nsima imatsika bwino

Lero ndalemba zazitali, amene bundle yatsala pang'ono musunge muwerenge madzulo. Nkhani yake ndi ya bola. Azimai musathawe, ikukhudzani, pakuti ndinu amene mumalandira amuna ndi ana akabwera kunyumba nkhope itagwa, kapena akuseka okha ngati atola ndalama pa njira.

Funso langa ndi ili: n'chifukwa chiyani munthu wamkulu, wa ndevu zake, wolipira sukulu ya ana, amakondwera kwambiri timu ina ikaluza kuposa mmene amakondwerera yake ikawina? Pitani pa Kapata kapena pa Saturday Market Lolemba m'mawa, Manchester United itagonja dzulo lake. Amene akuvina si a timu imene inawina ai. Ndi a Arsenal, a Chelsea, a Liverpool, ena timu yawo sinasewere n'komwe sabata imeneyo. Timu yanga ine sinditchula, ndingataye makasitomala.

Choyamba chimene tonse tidziwa, palibe amene amada timu yofooka. Leicester City itatenga ligi mu 2016 dziko lonse linaombera m'manja, ndipo Patson Daka atapita kumeneko mu 2021 tinaikonda koposa. Chidani chimatsata amene wakhala akudya yekha nthawi yaitali. Alex Ferguson anatenga ligi ka 13 pakati pa 1993 ndi 2013, zaka zomwezo zimene ma TV a setilaiti anali kufika m'mabala ndi m'mashopu athu. Mwana amene anakula akuona timu yake ikukwapulidwa ndi United chaka ndi chaka, lero ndi bambo wa ana anai, ndipo ngongole ija akali kuitolera. United yatha zaka zoposa khumi osaona ligi, koma iye sanakhute.

Kuno kwathu amene anadya yekha ndi Nkana. Inu a msinkhu wanga mukumbukira kukhala mozungulira wailesi, mabatire ataumikidwa pa dzuwa, malemu Dennis Liwewe akufuula mpaka mau kutha. Kuyambira 1982 kufika 1993 Nkana inatenga ligi kasanu ndi kanai. Zaka zitatu chabe ndizo zinapita kwina: Power Dynamos mu 1984 ndi 1991, Kabwe Warriors mu 1987. Ndiye munthu ukanakhala wa Mufulira Wanderers kapena Green Buffaloes, ukanawakonda bwanji a Kalampa?

Koma kuwina kokha sikufotokoza zonse. Onani za ku Kitwe. Bwalo la Nkana lili ku Wusakile, la Power Dynamos, Arthur Davies, lili ku Ndeke, mtunda woti munthu ayenda wapansi osatuluka thukuta. Mu 1990 Nkana inafika mu fainolo ya chikho chachikulu cha makalabu a mu Africa, n'kugonja pa mapenate kwa JS Kabylie ya ku Algeria, mu Lusaka momwe, pamaso pa anthu ake. Chaka chotsatira, 1991, Power Dynamos inamenya BCC Lions ya ku Nigeria n'kubweretsa chikho cha Africa Cup Winners' Cup. Taganizani kuwawa kwake. Chimene iwe wachigwira ndi nsonga za zala n'kuchitaya, mnzako wa tsidya la msewu, wamng'ono kwa iwe, amene anabadwa mu 1971 iwe uli kale ndi mbiri, wabwera nacho kunyumba. Mpaka lero wa Nkana akati tili ndi maligi 13, wa Power amangofunsa modekha kuti nanga cha Africa chili kuti.

Anzathu amene mumaoloka pa Mwami kukaoda katundu ku Lilongwe mudziwa kuti ku Malawi anachipatsa dzina loyenera. Wa Bullets akamanena Wanderers amati neba, wa Wanderers nayenso amati neba. Onse ndi a mu Blantyre. Bullets itatenga ligi kasanu motsatana kuyambira 2018 mpaka 2023, amene anavutika mtima kwenikweni si a ku Karonga kapena ku Nsanje, ndi neba. Ngakhale abale ake a Yosefe sanade Mwiguputo wakutali amene anali ndi nkhokwe zodzala. Anada mng'ono wao wa m'nyumba imodzi chifukwa cha malaya. Ndipo ife a pa msika tisanamizane: wogulitsa tomato sataya tulo chifukwa cha sitolo yaikulu ya ku Lusaka. Amataya tulo chifukwa cha mai wa pa tebulo loyandikana amene wamaliza bokosi lake 10 koloko isanakwane.

Manje wina afunsa kuti, nanga Manchester ndi neba wathu kuyambira liti? Ambiri a ife ngakhale pa eyapoti ya ku Lusaka sitinapondepo. Apa ndi pamene pali nkhani yonse. Ine ndikuti palibe munthu mu Chipata amene amadana ndi Manchester United. Amene amadana naye ndi uja wa United wa pakamwa, wogulitsa ma charger pa kona, amene timu yake ikawina amafika 6 koloko atavala jezi yofiira n'kuyamba kupereka moni tebulo ndi tebulo ngati kansala wofuna mavoti. Timu ija ndi ndodo chabe, womenyedwa ali pompano. Chotsani mlamu wanu wa Arsenal, mudzaona kuti Arsenal ikaluza simumva kanthu. Ukhoza kuseka wekha m'nyumba, koma sizikoma. Pafunika nkhope yoti ukaione m'mawa.

Umboni wake ndi Didier Drogba. Pa 12 February 2012 ku Libreville, pa fainolo ya Africa Cup, anaponya penate kumwamba, ndipo Zambia yonse inamuseka, a Chelsea akutsogolera. Chipolopolo inatenga chikho usiku umenewo. Pa 19 May chaka chomwecho munthu yemweyo anamwetsa penate yomaliza ku Munich, Chelsea n'kutenga Champions League, ndipo pakamwa pomwe paja panamutcha mfumu. Miyezi itatu chabe. Chikanakhala chidani chenicheni sichikanasintha ngati jezi.

Pali chifukwa china chimene anthu amapereka, cha ndalama, ndipo ichi ndifuna tichiyang'ane bwino chifukwa chili ndi kachinyengo mkati. Amati Chelsea inagula zikho ndi ndalama za Roman Abramovich kuyambira 2003. Amati Manchester City inali timu wamba mpaka a ku Abu Dhabi ataigula mu 2008, manje inafika potenga ligi kanai motsatana. Kuno amanena Zesco United ya ku Ndola, imene inatenga ligi koyamba mu 2007 ndipo pofika 2021 inali nayo kasanu ndi kanai. Iyi ndiye ili ndi tsoka lapadera, chifukwa imanyamula dzina la kampani ya malaiti. Mu 2015, madzi atachepa ku Kariba, dziko lili mu mdima maola ambiri pa tsiku, timu inatenga ligi. Anthu anaseka mowawa kuti magetsi onse apita ku miyendo ya osewera. Mnyamata womenya bola alibe mlandu ndi mvula imene sinagwe, koma mkwiyo ufuna pogwera, ndipo jezi ili pafupi kuposa damu.

Kachinyengo kali apa: kodi matimu akale aja anali kudya mphepo? Nkana inaleredwa ndi mgodi, kale inali kutchedwa Rhokana United. Mufulira Wanderers ndi Nchanga Rangers, migodi. Kabwe Warriors ya Godfrey Chitalu, njanji. Green Buffaloes ndi asilikali, Red Arrows ndi a ndege za nkhondo, Nkwazi ndi apolisi. Osewera anali kulembedwa nchito, kupatsidwa nyumba, kulandira malipiro mwezi ukatha. Migodi ya ZCCM itagulitsidwa cha m'ma 2000, thumba linauma, ndipo Mighty Wanderers, timu ya Kalusha Bwalya, ya maligi asanu ndi anai, inagwa n'kukhala zaka zambiri kunja kwa ligi yaikulu. M'malo mwake munakwera Zanaco ya banki ndi Zesco ya magetsi. Ndalama zinangosamuka nyumba. Za kale timazitcha mbiri, za lero timazitcha kugula. N'chimodzimodzi pa msika: amene anapeza kapito kwa atate ake zaka makumi atatu zapitazo timamuti ndi wolimbikira, koma mtsikana amene wayamba chaka chatha n'kutsegula shopu yachiwiri timayamba kunong'ona kuti ali ndi mankhwala. Ndipo ife a kum'mawa, amene matimu akuluakulu onsewa ali kutali ku njanji ndi ku migodi, tikamakangana za ndalama za Zesco ndi za Nkana tili ngati anthu awiri a njala otsutsana za ndiwo za kwa eni.

Tsono kodi ndikuti tileke? Iyai. Ine ndili kumbali ya kunyozana kumeneku, ndipo ndinena chifukwa chake. Ife kuno tili ndi chinthu chimene azungu a ku Manchester alibe dzina lake: chimbuya. Makolo a Angoni ndi a Abemba analasana ndi mikondo zaka za m'ma 1800, ndipo nkhondo itatha, zidzukulu zinasandutsa mikondo ija kukhala nthabwala. Mubemba amatiseka za mbewa, ife timamubwezera za anyani. Amabwera pa Nc'wala ku Mtenguleni kudzatinyoza pakhomo pathu penipeni, ndipo palibe amene amaitana apolisi. Mau amene mlendo atakuuza mungamenyane, mbuya wako akakuuza umaseka. Bola yatipatsa chimbuya chatsopano, chimene sichifunsa mtundu. Mchewa, Mnsenga, Mtumbuka, Mngoni ndi mwenye wa ku Down Shops akhoza kunyozana Lolemba lonse popanda wotchula mai a mnzake. Wa njinga yonyamula anthu akhoza kuseka bwana wa ku banki pamaso, bwana n'kungoti tionana Sabata. Ndiuzeni malo ena m'tauni muno pamene wosauka amaseka wolemera momasuka chotero.

Ndipo mbuya umamufuna. Ku Glasgow, ku Scotland, kumene mwana wathu wa kuno ku Chipata, Fashion Sakala, anakasewera mu Rangers kuyambira 2021, Rangers inagwa ndi ngongole mu 2012 n'kukayambira pansi penipeni. Celtic inatsala yokha ikutola ligi ngati mango a pansi kwa zaka zinai Rangers isanabwerere. Anaseka chaka choyamba, inde. Koma kuwina kopanda womuseka kuli ngati ndiwo zopanda mchere.

Komabe Glasgow yomweyo itionetsa pamene chimbuya chimaola. Kumeneko anathiramo chipembedzo. Celtic inayambitsidwa mu 1887 ndi m'bale wa Chikatolika, Brother Walfrid, kuti apeze ndalama zodyetsera ana osauka a anthu ochokera ku Ireland. Rangers inakhala ya Apulotesitanti, ndipo kwa zaka zambiri inali kupewa kulemba wosewera wodziwika kuti ndi Mkatolika, mpaka Mo Johnston mu 1989. Anthu otchula dzina la Ambuye mmodzi akhala akuimbirana nyimbo za chipongwe ndi kuvulazana m'misewu chifukwa cha zimenezi. Ku Egypt anathiramo ndale: pa 1 February 2012 ku Port Said, pa masewero a Al Masry ndi Al Ahly, anthu oposa 70 sanabwerere kwao. Anafa masiku khumi ndi limodzi ife tisanavine za Libreville. Nchifukwa chake ndikaona pa Facebook wina akuyamba kumata mtundu kapena chipani pa timu, kuti awa ndi a chigawo chakuti, mtima wanga sukhala m'malo. Chimbuya chenicheni chili ndi mbali yachiwiri imene amaiiwala. Mbuya amene amakupaka ufa kumaso pa maliro ndi yemweyo amene wakumba manda, watema nkhuni, wagona panja usiku wonse, ndipo tindalama timene watolera ndi chipongwe chake timapita kwa ofedwa. Ufulu wonyoza amaugula ndi thukuta.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri pano pathu si mtundu kapena chipani, ndi kubetcha. Kale timu yako ikaluza unali kutaya ulemu wa tsiku limodzi, Lachiwiri zatha. Manje mnyamata wokankha wilibala waika pa foni ndalama yonse ya Loweruka, mwina ndi ya oda ya amai ake, pa matimu asanu ndi atatu, asanu ndi awiri alowa, imodzi yamudula pa miniti ya 90. Ameneyo akati ndimadana ndi timu yakuti, sakuseka. Sakunena za mlamu wake kapena za wa ma charger uja. Akunena za lendi. Mudzaona kuti ambiri a iwo alibenso timu, lero atukwana Liverpool, mawa Real Madrid, mkuja timu ya ku Turkey imene sadziwa ngakhale mtundu wa jezi yake. Ndipo ife akuluakulu timafika Lolemba ndi nthabwala zathu zakale, kumugwira paphewa, ati bwanji timu yako dzulo, osadziwa kuti tikuponda pa chilonda.

Amasiyana mosavuta, mukayang'anitsitsa. Sapota weniweni ukamunyoza amakubwezera pomwepo, amakukumbutsa za 8-2 ya mu 2011 kapena za chikho cha Africa chimene mulibe, mpaka kasitomala aima akudikira chenji. Uyu winayu sayankha. Amangoseka pang'ono ndi mano okha, maso ali pa foni, wilibala ili chopanda kanthu pambali pake.