Posiya ntchito, titsanzike ndi kalata

Nyanja ya Chilwa itaphwa m'chaka cha 2018, monga idachitiranso mu 1968 ndi 1995, anyamata ambiri a pa Chisi ndi midzi yozungulira doko la Kachulu adapachika maukonde n'kupita kukafuna ntchito ku Zomba, ku Blantyre, ena mpaka ku Johannesburg. Adachita bwino, pakuti thukuta silinyozetsa munthu. Chotidandaulitsa ndi momwe ena adasiyira ntchitozo madzi atabwerera, matemba ndi milamba zitayambanso kuoneka padoko.

Nkhani imodzi idatipeza pakhonde la mzikiti. Mnyamata wina ankagulitsa m'sitolo ina mumzinda wa Zomba. Atalandira malipiro a mwezi, adapempha kuti akaswali Juma, ndipo sadabwererenso. Makiyi adawatumiza kudzera mwa kondakitala wa minibasi. Patatha chaka adapeza mwayi wa ntchito yabwino, koma kumeneko adamufunsa kalata yochokera komwe adagwirako kale. Bambo ake, munthu wa imvi, ndiwo adavala nsapato kudzatipempha kuti tiwaperekeze kukapepesa. Akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Tinene poyera kuti kusiya ntchito si tchimo ndipo si mlandu. Wantchito si kapolo. Munthu ali ndi ufulu wochoka akapeza pabwino, akafuna kubwerera kusukulu, kapena akafuna kukasamala makolo okalamba. Koma tsiku limene adalembedwa ntchito adalowa m'pangano, ndipo pangano ndi amana, chinthu chimene wina wakusungitsa chifukwa chokukhulupirira. Sitiiwala kuti ndime yaitali kuposa zonse m'Qur'an, ya 282 mu Surat Al-Baqarah, ikukamba za kulemba ngongole ndi kuika mboni. Msilamu sayenera kuona pepala ngati mwambo wachilendo.

Malamulo a dziko lino nawonso sadasiye nkhaniyi m'malere. Lamulo la zantchito la Employment Act la chaka cha 2000, m'gawo 29, limati mgwirizano umene ulibe tsiku lothera ungathetsedwe ndi mbali iliyonse, wolemba ntchito kapena wantchito, pokhapokha mbali inayo itapatsidwa notisi yolembedwa. Wolandira malipiro pamwezi apereke notisi ya mwezi umodzi. Wolandira pasabata apereke ya sabata imodzi ngati sadakwanitse zaka ziwiri pantchitopo, masabata awiri ngati wadutsa zaka ziwiri koma sadafike zisanu, ndi mwezi wathunthu ngati wakwanitsa zaka zisanu. Ngati mudasaina kontilakiti, iwerengeninso musadalembe kalata, chifukwa ina imatchula nthawi yotalikirapo.

Nanga wochoka mozemba amataya chiyani? Gawo 30 limati amene wachoka popanda notisi, pomwe bwana sadamukhululukire, ayenera kulipira ndalama zofanana ndi malipiro a nthawi ya notisiyo. Mnyamata wolandira pamwezi akazemba, wasenza ngongole ya mwezi wathunthu, ngakhale iye akuyesa kuti wapulumuka. Amatayanso mwayi wotenga mwaulemu chikalata chimene gawo 31 limalamula bwana kupereka wantchito akachipempha, chosonyeza ntchito imene ankagwira, nthawi imene adakhalapo ndi malipiro ake. Chikalata chimenechi ndi chija bambo aja ankachifunira mwana wawo mutu uli pansi.

Kalata yosiyira ntchito siifuna Chingerezi chozama, ndipo tsamba limodzi likwanira. Lembani tsiku, dzina la amene mukumulembera, dzina lanu ndi ntchito yanu. Nenani mosapita m'mbali kuti mukusiya ntchito, ndipo tchulani tsiku lomaliza limene mudzagwire. Thokozani, pakuti mudadyapo mchere pamenepo. Sainani, mupange makope awiri, ndipo wolandira asaine pa kope lanu ndi kulembapo tsiku. Musathiremo mkwiyo kapena kutukwana. Mawu a pakamwa amauluka, koma chipongwe cholembedwa chimakhala m'faelo zaka zambiri. Ndi ulemu kuyamba mwalankhula ndi bwana pamaso musadapereke kalatayo, kuti asamve mphekesera kwa ena. Uthenga wa pa WhatsApp wotumizidwa muli kale m'basi si kutsanzika.

Masiku a notisi ndi masiku a ntchito, osati a tchuthi. Fikani m'nthawi yake mpaka tsiku lomaliza. Werengani katundu pamodzi ndi bwana, bwezani makiyi, mabuku ndi zipangizo, longosolani ngongole za makasitomala, ndipo muonetseni wolowa m'malo mwanu momwe zinthu zimayendera. Dziwaninso kuti kuyambira pamene lamulo lidasinthidwa mu 2010, wosiya ntchito mwakufuna kwake salandira ndalama zimene amalandira anthu ochotsedwa chifukwa kampani ikuchepetsa antchito. Koma malipiro a masiku amene mwagwira ndi anu, ndipo ndalama za penshoni zimakhalabe m'dzina lanu ngakhale mutasamukira kwina.

Mawuwa akupitanso kwa ife eni. Mwalimu wa pamadrasa akachoka pakati pa teremu osauza komiti, ana amakhala pamkeka kudikira munthu amene sabwera. Kumtunda wolowa m'malo angapezeke msanga, koma pachilumba, pomwe munthu aliyense amachita kuoloka pa boti kuchokera ku Kachulu, mwezi umodzi wa notisi ndiwo umapatsa makolo mpata wofunafuna wina. Woyendetsa boti naye akasowa m'mawa osanena, amayi a matemba ndi odwala opita kuchipatala ku Zomba ndiwo amagona padoko.

Sitikuti wantchito azipirira nkhanza chifukwa cha notisi. Gawo 60 la lamulo lomweli limalola munthu kuchoka popanda notisi ngati khalidwe la bwana lafika poti n'kosatheka kupitiriza ntchito. Mtsikana amene bwana akumufuna zachisembwere, kapena wantchito amene akumenyedwa, asadikire mwezi. Koma naye alembe chifukwa chimene wachokera, asunge kope, ndipo akadandaule ku ofesi ya zantchito ya m'boma lake. Zikakanika kumeneko, kuli khoti la Industrial Relations Court limene limaweruza milandu ya zantchito.

Ndipo inu olemba ntchito, eni sitolo, eni maboti ndi makomiti a mizikiti, kalata ya wantchito si chipongwe. Munthu amene wakulemekezani pokudziwitsani nthawi ikadalipo musamubwezere pomuthamangitsa tsiku lomwelo chimanjamanja, kapena pomunamizira kuba. Lamulo limati zonse zimene akuyenera kulandira zilipidwe pasadathe masiku 7 chithereni ntchito. Anyamata ena amazemba chifukwa adaona anzawo amene adatsanzika bwino akulandidwa malipiro. Mukamalanga oona mtima, mukuphunzitsa otsalawo kuthawa.

Makolo, mwana akafika pakhomo ndi chikwama pakati pa mwezi, musangomulandira ndi nsima. Mufunseni ngati watsanzika, ndipo akuonetseni kope la kalata. Nyanja yathu taiona ikuphwa ndi kudzaza, ndipo tsiku lina ingadzaphwenso. Pamenepo ana athu adzakwera basi kubwerera kumakomo omwewo amene adachokako, ndipo chimene chidzawatsegulire ndi momwe adatulukira.