Mapikicha a kitchen party yanu: mu 2045 azatseguka?

Mu nyumba zambiri za ku Kafue Estates mukali ma album akale. Muli ambuya mu ovololo ya NCZ, muli amai akali mtsikana masiku osebenza ku Kafue Textiles. Zaka zapita, nkhope zikali kuoneka. Manje funsani mdzukulu mapikicha a kitchen party ya 2019. Muzamva ati foni inagwa mu madzi, olo anaiba mu basi.

Vuto yoyamba ni WhatsApp. Wokopa akatuma chithunzi monga photo chabe, WhatsApp imachifinya kuti bundle isathe. Pa foni chioneka bwino, koma kachiwasheni chachikulu cha pachipupa, nkhope ya mkwatibwi izachita monga yapakidwa phala. Facebook nayo imafinya. Muuzeni atume monga document, olo mumupelekele flash.

Manje mtundu wa file. Yanganani tumalembo twa kumapeto kwa dzina ya chithunzi.

JPEG yakhalapo kuchokela 1992 ndipo imatseguka paliponse: pa foni, pa TV, ku studio. Ya banja ni yamene iyi. Koma mukaikonza na kuiseva kambiri, imataya ubwino pang'ono pang'ono. Filter ikani pa kope, original musaigwile.

Imwe a iPhone, kuchokela 2017 foni yanu imakopa mu HEIC, ndipo makompyuta ena akale saitsegula. Ngenani mu Settings, Camera, Formats, musankhe Most Compatible, izayamba kukopa JPEG.

RAW ili monga negative ya kale. Canon ili na CR2 na CR3, Nikon ili na NEF, ndipo si pulogalamu iliyonse imazitsegula. Wokopa akakupatsani RAW, pemphani na JPEG yake, olo aisinthe ikhale DNG, yamene Adobe inatulutsa mu 2004 kuti izitseguka mu mapulogalamu osiyanasiyana.

Za mu album ya ambuya, pochita scan pemphani TIFF. Imadya malo, koma olo muiseve kangati siitaya kanthu. Ku gulupu ya banja muzituma JPEG.

Posungila naponso samalani. Flash imodzi si banki: imasowa, imafa osalaila. Khalani na makope atatu: pa laptop, pa hard drive yokhala kwa mlongo wanu ku Shikoswe, na pa Google Photos. Google imapatsa 15GB yaulele yogawana na Gmail, ndipo akaunti ikakhala zaka ziwili osaisebenzesa angaifute. Mapikicha 20 okondedwa kwambili, awasheni pa pepala.

Nyengo ya maukwati ikafika, musanapeleke deposit mvanani na wokopa: ma original onse mu JPEG ya saizi yonse, pa flash yanu, tsiku lakuti. Keke imatha tsiku lomwelo, DJ amapakila zake na kupita. Chotsala cha ana anu ni file iyo.