THOBVU SI MOWA

Abale athu a m'mapurazi a fodya ku Banket ndi ku Mvurwi, ndi a pa migodi ya Shamva ndi Bindura, aidziwa bwino nkhani iyi, makamaka pa kutentha kwa mwezi wa October. Munthu apita ndi cigubu cace ku nyumba ya mowa, nalipira mtengo wa malita awiri. Pofika ku komboni apeza thobvu laphwa, ndi mowa watsikira kutali ndi khosi la cigubu. Wogulitsa akafunsidwa angoti, mpopi wabvuta. Ife tinena kuti mpopi ulibe mlandu.

Mowa wa masese uli wamoyo. Ngakhale wa ku fakitale, monga Chibuku amene anayamba kufulidwa m'dziko lino ku Fort Victoria (lero Masvingo) m'caka ca 1962, ulowa m'thanki usanathe kuwira, monga momwe ucitira wa amai athu m'mbiya. Powira uturutsa mpweya, ndipo ukatenthedwa uwira msanga koposa. Cifukwa cace thanki yoima padzuwa, kapena pansi pa malata opanda mthunzi, ilabvula thobvu lokha lokha. Mankhwala ace sali apatali: mthunzi, ndi masaka onyowa ofunditsa thanki. Wothira apendeketse cigubu, natsegule mpopi wonse, pakuti mpopi wotsegula pang'ono ndiwo ucurukitsa thobvu.

Mpopi ukamadontha ngati misozi, cotsekereza ndi masese a cimanga ndi mapira amene akhazikika pansi, kapena kabowo ka mpweya pamwamba katsekeka. Mowa uyenera kubvundulidwa kawiri kawiri. Kupanda kutero woyamba kugula alandira phala, wotsiriza alandira madzi, onse pa mtengo umodzi.

Koma coipa copambana ndi ulesi. Mowa uwu ukhala masiku owerengeka okha, pambuyo pace usasa. Wogulitsa wothira watsopano pamwamba pa wakale, osatsuka thanki ndi mapaipi ndi madzi otentha, asasitsa wonse. Ndipo wina (timdziwa) aonjeza madzi kuti abise kusasako. Kumeneko ndi kuba, ngakhale kucitike masana. Ndarama ya munthu wolima fodya wa mwini kuyambira mbandakuca siyenera kugula thobvu. Imani pomwepo kufikira laphwa, nimuuze wothira adzaze. Akakana, pitani naye mlandu kwa mwini nyumbayo muli angapo, pakuti mau a mmodzi samveka.

Nanunso ogula muli ndi mbali yanu. Taona anthu akutungira mowa m'zigubu zimene munali mankhwala opopera fodya, nati tatsuka. Poizoni wotere alowerera m'pulasitiki, ndipo sopo samcotsa konse. Cigubu cotero cibooleni, mwana angatungiremo madzi. Cigubu cabwino citsukeni ndi madzi otentha tsiku lomwelo, ndipo pobwerera kwanu musamange citsekero colimba, pakuti mowa ulikuwirabe m'njira, ungakuphulikireni pa njinga.