Kagalimoto ka mphwanga si chibwana ayi

Lero ndabwera ndi nkhani imene ena a inu muti ndi yachibwana. Mphwanga, mnyamata wa Fomu 3, wayamba kuphunzira kumanga ndi kupenta tigalimoto ting'onoting'ono tofanana ndendende ndi galimoto zenizeni. Kabokosi koyamba adam'bweretsera ndi mnansi wathu amene amakaoda katundu ku Johannesburg. Mkatimo mudali tizidutswa ta pulasitiki tambirimbiri ndi pepala la malangizo. Bambo ake ataona adangoti, "Iwe, anzako akuwerenga, iwe uli pa zidole?" Anzake nawo ndiye kuseka kwake osanena.

Ine ndikuti alamu angawo alakwa, ndipo ndilongosola chifukwa chake.

Tiyambe ndi nambala imene idalembedwa pabokosipo: 1/24. Tanthauzo lake ndi loti chilichonse pa kagalimotoko ndi chochepa ka 24 poyerekeza ndi cha galimoto yeniyeni. Galimoto yotalika mamita 4.8 imakhala masentimita 20. Tayala la masentimita 60 limakhala masentimita 2.5. Kodi amenewa si masamu omwe aja amavutitsa ana pa mayeso a MSCE? Mphwangayu, amene ankathawa masamu ngati ngongole, ndidam'peza tsiku lina atagwira tepi akuyeza minibasi ya aneba, kenaka n'kumagawa ndi 24 m'kope mwake. Palibe adamutuma.

Musaganize kuti zidayenda bwino poyamba. Aaa, kagalimoto koyamba kadali komvetsa chisoni! Adathira guluu wambiri, osadziwa kuti guluu wa tizidutswa timeneti amalumikiza posungunula pulasitikiyo pang'ono. Chitseko chidapindika, ndipo galasi lakutsogolo lidachita chifunga chifukwa guluu adafika pomwepo. Penti adapaka kamodzi kokha koma wochindikala, ndiye adayenderera ngati phala. Adakaumitsa pakhonde mwezi wa Okotobala, fumbi lonse la mumsewu n'kumatirira. Pomaliza adakagwira kasanaume, chala chake n'kudinda padenga.

Koma taonani zimene adaphunzira. Tizidutswa uyambe watsuka ndi sopo kuti mafuta a kufakitale achoke. Podula usathyole ndi manja, ndipo podulapo ukwechepo ndi sandipepala wosalala. Uyese kaye ngati zikugwirizana usanathire guluu. Penti woyamba ndi wapansi uja opopera galimoto amati primer, ndipo pamwamba pake upake mopyapyala kawiri kapena katatu, uku ukudikira kuti aume. Pamene sufuna penti afike, umatapo tepi. Poumitsa uvundikire ndi katoni. Kagalimoto kachiwiri kadam'tengera milungu itatu, koma kadatuluka kosiririka. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tandiuzani, ndi phunziro liti m'kalasi limene limaphunzitsa mwana kudekha chonchi?

Komanso zindikirani kuti njira imeneyi ndi yomweyo amatsata akatswiri owongola ndi kupopera galimoto m'magalaja a ku Ndirande kapena ku Biwi: kutsuka, kukwecha, primer, penti, kudikira. Kusiyana kwake n'kukula basi.

Kunjaku zimenezi si nthabwala. Kampani ya Airfix ya ku Britain idatulutsa kathirakitala ka Ferguson m'chaka cha 1949, ndipo kuchokera pamenepo idatchuka ndi timabokosi totere. Kampani ya Tamiya ya mumzinda wa Shizuoka ku Japan idayamba m'chaka cha 1946 ngati yocheka matabwa, kenaka idayamba kupanga tizifanizo ta mitengo, pulasitiki n'kubwera pambuyo. Eetu, matabwa, omwewa tili nawo ku Chikangawa. Ngakhale makampani opanga galimoto zenizeni amayamba aumba chifanizo cha galimoto yatsopano ndi dongo lapadera asanadule chitsulo chilichonse.

Tsono chimene chimandiwawa n'chakuti ife Amalawi luso limeneli tidabadwa nalo, koma timalipha tokha. Ndani mwa amuna inu amene sadapangepo galimoto ya mawaya, matayala ake a zitsekerero kapena a patapata wakutha, chiwongolero chofika m'chiuno? Mayi wina wa ku America, Karen Lynn Williams, adalemba buku la ana lotchedwa Galimoto m'chaka cha 1990, lonena za mnyamata wa kuno amene akusakasaka mawaya. Ana a kunja adadziwa mawu athu oti galimoto kudzera m'bukulo. Koma kwathu kuno mwana akangofika Sitandade 8 timamuuza kuti wakula, ataye mawaya. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu ankatola zitsulo zakutha anthu n'kumati wapenga, mpaka m'chaka cha 2002 makina ake oyendera mphepo adayatsa babu. Lero dziko lonse likum'dziwa. Nanga ndi angati amene tidawaseka mpaka adasiya?

Kwa inu a geni, makamaka ogulitsa ziboliboli, pano pali ndalama. Tigalimoto ta mitengo ndi ta mawaya tilipo kale pamisika yathu, koma tambiri timapangidwa mongoyerekeza ndi maso. Matayala kukula kuposa zitseko, penti yopaka ndi chala. Tangoganizani mnyamata amene akudziwa kuyeza atapanga minibasi yathuyi molondola, katundu ali mbwee pamwamba, kondakitala atatulutsa mutu pawindo. Kapena lole ya matola, kapena Land Rover yakale. Kodi mlendo angadutse osafunsa mtengo? Nanga mwini mabasi sangafune kabasi ka mtundu wa kampani yake patebulo mu ofesi? Chinthu chopangidwa mosamala sichinenereredwa ngati tomato wa madzulo.

Ndikudziwa ena muti, "Akulu, timabokosi timeneto n'todula, ndipo ndalama zakunja n'zosowa. Ufa tigule ndi chiyani?" Mukunena zoona, ndipo sindikuuza kholo lililonse kuti lisiye kugula ufa. Kabokosi kamodzi n'kokwanira kutsegula mutu wa mwana. Zotsalazo ndi zitini, mawaya, makatoni, zidutswa za matabwa za kwa kalipentala ndi penti wotsala m'zitini za kugalaja. Mphwanga kachitatu sakudikira za ku Johannesburg. Akudula chitini cha mafuta ophikira potsata miyeso ya minibasi ya aneba ija.

Ena muti zimadya nthawi ya sukulu. Apa ndiye pofunika kholo: homuweki kaye, tigalimoto Loweruka. Muonetsetsenso kuti mwana akupenta panja kapena potsegula mawindo, chifukwa fungo la penti ndi thina limapweteka mutu ndi chifuwa, ndiponso asayandikire mbaula. Kampeni kodulira kamafuna wamkulu pafupi. Kuyang'anira n'kosiyana ndi kuletsa.

Pempho langa ndi ili. Aphunzitsi a masamu, bwanji tsiku lina osawatuma ana kuyeza galimoto ya ahedi n'kuijambula pa 1/24? Inu a m'magalaja, mwana akabwera kudzapempha penti wotsala musam'thamangitse, muonetseni kagwiridwe ka burashi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Timadandaula tsiku ndi tsiku kuti dziko lino limaitanitsa kunja chilichonse, ndi zotokosera m'mano zomwe. Nanga opanga zinthuwo adzachokera kuti ngati tikuseka ana amene manja awo akuyabwa?

Alamu anga aja sadanene kuti adalakwa, mukudziwa kale za ife azibambo. Koma kagalimoto kachiwiri kaja kali pamwamba pa kabati m'chipinda chochezera, ndipo mlendo aliyense akafika amayamba ndi iwo kumuonetsa.