Mtengo wa magetsi pabwalo, soketi m'nyumba

Ana athu adaona mtengowo pa foni, utaimikidwa pabwalo la nyumba ina ku America. Kumeneko mabanja ambiri amakongoletsa pakhomo ndi magetsi m'mwezi wa Disembala. Si mtengo weniweni ayi. Ndi mlongoti umodzi ndi zingwe za timababu zotsika kuchokera pamwamba kufika pansi mozungulira, ngati denga la nkhokwe. Ana atatiumiriza, tidagwirizana zopanga wathu.

Timababu take amatitcha ma pixel. Tofala kwambiri ndi ta mtundu wa WS2811, ndipo timagulitsidwa nthawi zambiri 50 pa chingwe chimodzi. Kababu kalikonse kali ndi kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwa buluu, ndipo kamalandira lamulo lakelake. N'chifukwa chake kuwala kumaoneka ngati kukuyenda. Chingwecho chili ndi mawaya atatu: awiri a mphamvu, imodzi ya uthenga. Uthengawo umayenda mbali imodzi yokha, choncho chingwe mukachilumikiza chotembenuza sichiyaka. Chotumiza uthenga ndi kachipangizo kakang'ono kotchedwa ESP32, momwe timaikamo pulogalamu yaulere ya WLED n'kumasankha mitundu pa foni.

Ife tidagula zingwe 8, timababu 400. Tidayamba tayeza chingwe chimodzi tisanadule nsungwi ya mlongoti, chifukwa chingwe chilichonse chimakwera n'kutsikanso, kupanga mizere 16 yonse pamodzi. Mlongoti tidaukumbira pansi n'kuukoka ndi zingwe zitatu za nayiloni. Timababu tidatimangirira pa zingwe zina za nayiloni zokhomedwa ndi zikhomo, kuti mphepo ikawomba, chokokeka chikhale nayiloni osati waya.

Pamene tidalakwitsa ndi apa. Waya wochokera pa soketi udachepa, ndiye tidaulumikiza ndi wina, n'kukulunga tepi, n'kuusiya pa udzu. Usiku umenewo kudagwa mvula. M'mawa tidapeza polumikiza paja pali m'chithaphwi, mwana wathu wamng'ono akusewera chapafupi wopanda nsapato. Mwamwayi tinali titazimitsa pa khoma tisanagone. Tikadaiwala, bwenzi lero tikunena zina.

Tidaiwala kuti kumene tidaonera mtengowo Disembala ndi nyengo yozizira, pomwe kwathu kuno ndi pakati pa dzinja, mvula ndi ziphaliwali. Magetsi a m'nyumba zathu ndi a ma volt 230, ndipo akakumana ndi madzi nyesi yake imapha. Timababu timeneti timafuna ma volt 12 kapena 5 basi. Chotero lamulo lathu tsopano ndi ili: soketi, pulagi ndi bokosi lotsitsa mphamvu zikhale m'nyumba pouma, ndipo kunja kutuluke mawaya a mphamvu yochepa okha. Mbali ya 230 ilumikizidwe ndi wodziwa zamagetsi. Amene ali ndi batire ya sola ya ma volt 12 atha kugula timababu ta 12 n'kuiwala za soketi.

Koma mphamvu yochepa nayonso ili ndi ngozi yake, yomwe ndi moto. Powerengera timatenga kuti kababu kamodzi kakayaka koyera kotheratu kamakoka pafupifupi 0.06 amp. Chingwe cha 50 ndiye kuti ma amp 3, ndipo timababu 400 ndi ma amp 24. Kawaya kopyapyala sikanganyamule zonsezo, kamatentha mpaka kusungunuka. Ife chingwe chilichonse tidachipatsa waya wakewake wa mphamvu ndi fyuzi ya ma amp 5 pafupi ndi bokosi. Izi zidathetsanso vuto lina: mukalumikiza zingwe zambiri mondondozana, timababu takumapeto timazilala n'kusintha mtundu chifukwa mphamvu imathera m'njira. Mu WLED muli poika malire a ma amp. Tidatsitsa kuwala kufika pa gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo usiku mtengo unkaonekabe bwino kuchokera pa msewu.

Zina n'zazing'ono koma tisazinyozere. Polumikiza paliponse pakhale m'mwamba, osati pa dothi. Pokwera makwerero pakhale wogwirira, ndipo mlongoti usayandikire nthambo za magetsi zodutsa pamwamba. Kukayamba kugunda, zimitsani n'kuzula pulagi, ana alowe m'nyumba. Ndipo tiganizire anansi: kuwala kothwanima pa windo kumasokoneza tulo, choncho wathu timauzimitsa 9 koloko usiku.

Chaka chino tiumanganso. Mwana wathu wamkulu ndiye adzawerengera ma amp papepala tisanagule chilichonse, ndipo wamng'ono uja ntchito yake ndi kuyendera mawaya madzulo aliwonse tisanayatse, atavala nsapato.